Ine Ndinali Pakamwa pa Olive

Kwathu kwa Lukwa, mkazi akamadandaula za mwamuna woyendayenda, anzake amamuuza kuti, "Kafunse nzeru kwa amake Olive." Amake Olivewo ndine, dzina langa Fainala. Ndinatchuka kuti ndine mkazi amene ndinathamangitsa mphunzitsi wofuna kundilanda banja, ndipo ndinatero osamenya munthu, osang'amba bulauzi ya wina. Atsikana ongokwatiwa kumene amandipatsa moni wogwada. Ulemu umenewu ndaudya zaka zisanu ndi zitatu ndipo wandikhala pakhosi, lero ndikufuna ndiulavule. Dzina la sukulu sinditchula, chifukwa sukuluyo sinalakwe kanthu.

1

Olive ndi mwana wathu woyamba. Anabadwa wolongolola ngati amake. Ali ndi zaka zitatu anadwala malungo aakulu, tinagona naye kuchipatala sabata ziwiri. Titabwerako, tsiku lina ndinagwetsa beseni lachitsulo kumbuyo kwake, nkhuku zonse zinabalalika, koma iye osatembenuka n'komwe. Mawu ochepa amene anali nawo anayamba kuthothoka limodzilimodzi mpaka anatheratu.

Bambo ake, a Sankhani, ndi munthu wofatsa, wongodziwa za fodya wake. Zinawapweteka, koma sankadziwa chochita naye mwanayo. Ankangomusisita pamutu n'kumapita kumunda. Choncho tinatsala awiri, ine ndi Olive, ndipo tinapanga kalankhulidwe kathu ka manja. Mchere kunali kunyambita nsonga ya chala. Mvula kunali kugwedeza zala pamwamba pa mutu. Bambo ake kunali kuika chala pansi pa mphuno, chifukwa cha ndevu zawo. Ine kunali kugwira mfundo ya chitenje pachifuwa. Zizindikiro zathu sizinkapitirira makumi anayi, ndipo ine ndinkaona ngati n'zokwanira.

Kuchipatala, kutchalitchi, kuchigayo, Olive akangogwedeza manja anthu ankatembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani?"

Ndisakubisireni, funso limeneli ndinkalikonda kuposa nyama.

Kusukulu ankapita, koma kunali kungokatenthetsa simenti. Sitandade 2 anaibwereza katatu. Aphunzitsi sindiwanena, munthu mmodzi ana oposa zana, wosamva angamuone nthawi yanji? Ndinalowa m'gulu la amayi a pasukulu, aja ophika phala ndi kulondola atsikana osiya sukulu, ndipo sipanathe chaka anandisankha kukhala wapampando, poti pakamwa panga sipachita dzimbiri. Tinayenda m'midzi n'kupeza ana asanu ndi awiri onga Olive: osamva, osaona bwino, wina woyenda chokwawa. Ahedi anati tikamanga chipinda, angathe kupempha mphunzitsi wodziwa za ana otere.

Chilimwe chimenecho tinaumba njerwa. Madzi ndinasenza ndine, dothi ndinaponda ndine mpaka zidendene zinang'ambika. Mukumbukire zimenezi pamene mukuwerenga: mphunzitsi amene ndinadzamuchotsayo, ndinamuitanitsa ndine.

2

Madamu Vera anafika mu Sepitembala wa 2010, pamwamba pa lole, ndi matiresi ndi ndowa ziwiri. Anali mtsikana wochepa thupi, wa ku Nkhamenya, Chichewa chake chokoka Chitumbuka. Tsiku loyamba anagwada patsogolo pa Olive n'kuyamba kuyendetsa manja. Olive anandiyang'ana ine.

"Sangakumveni, Madamu," ndinatero ndikuseka. "Muzinena kwa ine, ine ndizimuuza."

"Zikomo amayi," anayankha. "Koma tiyeni timupatse mpata, tione."

Mpatawo Olive anautenga ndi manja awiri. Pofika Khirisimasi ankadziwa masiku a sabata, mayina a anthu, dzulo ndi mawa. Anayamba kulemba timawu tingapo. Ankabwera kunyumba akuthamanga, manja akuuluka, nkhope ikuwala, kufuna kundiuza zinthu. Ine ndinkangoti kakasi. Ankabwereza kawiri, katatu, kenako n'kupumira m'mwamba n'kubwerera ku zizindikiro zathu zakale, pang'onopang'ono, monga mmene timalankhulira ndi nkhalamba.

Kenako Madamu anaitanitsa makolo. Anati Lachitatu lililonse masana aziphunzitsa ifenso chinenero cha manja, kuti ana asamakhale ndi wolankhula naye kusukulu kokha.

"Inu amake Olive musalephere," anatero. "Muli ndi zizindikiro zanu zabwino, ndikufuna mudzatiphunzitseko."

Ndinangovomera ndi mutu. Kunyumba ndinawatsanulira a Sankhani.

"Mwana ndinabereka ndine, ndinagona naye kuchipatala ndine. Lero ndikakhale pabenchi kuti kamtsikana ka dzana kandiphunzitse kulankhula naye?"

A Sankhani anali kunola khasu. Anaika khasulo pansi.

"Ndiye ndipita ine," anatero.

Ndinaseka mpaka misozi. Zala zawo n'zonenepa ngati chinangwa, zozolowera mpini. Ndinawauza kuti sabata ziwiri sizitha, abwerako okha. Lachitatu linafika, anagula kope pagolosale, anasamba, n'kupita.

3

Poyamba makolo ankapita khumi. Koma inu mukudziwa mmene Febuluwale amakhalira kuno. Fodya akapsa m'munda sadikira munthu, kuthyola m'mawa, kusoka masana, kupachika m'chigafa mpaka msana kuuma. Makolo anayamba kujomba mmodzimmodzi. Pofika Malichi anatsala a Sankhani okha. Munthu amene sankapita ndi kumaliro komwe nthawi ya fodya, Lachitatu ankasiya masamba ali mulu, n'kuchotsa utomoni m'manja ndi mchenga, n'kuvala shati yoyera.

Tsiku lina mnzanga Feggie anabwera kudzandithandiza kusoka. Feggie ndi amake Mwai, mtsikana wachialubino wosaona patali, yemwenso ankaphunzira kwa Madamu Vera.

"Amwali," anatero, maso ali pa singano, "alamu anga masiku ano akukonda sukulu eti?"

"Akuphunzira manja."

"Ee, manja." Anaseka pang'ono. "Ine sindikunena kanthu. Koma kumjigo akuti manjawo akuphunziridwa chitseko chili chotseka."

"Amatseka chifukwa cha ana osuzumira."

"N'zoona amwali. Ndi anthu chabe amakonda kulankhula."

Atachoka, singano inandibaya kawiri. Lachitatu lotsatira ndinasiya fodya, ndinadzera njira ya kudambo kuti anthu asandione, n'kufika kuseri kwa chipinda chija. Mazenera ake ndi a njerwa zoboola, tinaumba tokha. Ndinaponda pamwala n'kusuzumira.

Chimene ndinaona ndikuuzani, koma osati pano. Dziwani chabe kuti nditatsika pamwalapo ndinalira njira yonse ya kudambo. Amayi awiri ochokera kotola nkhuni anandiona ndikupukuta misozi. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti amake Olive awapezerera amuna awo. Ine sindinatsutse, sindinavomere. Wondifunsa ndinkangomuyankha kuti, "Mulungu ndiye akudziwa."

4

Mu Juni, nthawi yosankha fodya, gulu lathu linakumana pasukulu kusoka tinsalu timene timagawira atsikana akuluakulu. Tikumwazikana, Madamu Vera anandikokera pambali.

"Amayi, ndili ndi nkhani. Olive wakula."

"Wakula bwanji?"

"Watha msinkhu. Uno ndi mwezi wachiwiri. Anadzidzimuka nazo ali kuno, ndinamuthandiza. Ndinamuuza kuti akuuzeni, ndipo akuti anayesa, koma simunamve. Akuti pa zizindikiro zanu palibe cha zimenezi."

Ndinakumbuka. Panali tsiku limene Olive anandikoka chitenje ndili kupeta, akuchita zinthu ndi manja, maso ali ndi mantha, ine n'kumupatsa mankhwala a m'mimba. Madamu ankalankhula mwaulemu, motsitsa mawu, koma ine ndikanakonda akanandimenya mbama.

Ndinakauza amayi a chilangizo a kumpingo kwathu, anati abwera Loweruka. Mwambo wake mukuudziwa, polangiza mwana make salowa. Koma ine ndinawauza kuti kwa Olive mwambo upindike, chifukwa popanda ine adzangolankhula ndi khoma. Anavomera. Sabata yonseyo ndinkakonzekera, ndikuganiza mmene ndidzamufotokozere chilichonse. Mumtima ndinkati apa pokha sukulu siifikapo.

Loweruka amayi awiri aja anafika, a Sankhani anazemba monga amachitira amuna. Ndinayala mphasa m'nyumba. Ndikuti ndimuitane Olive, ndinamuona akubwera panjira atagwira Madamu Vera padzanja. Anali atakawatenga yekha.

"Amayi, ine sindinadziwe kuti ndi lero," anatero Madamu. "Wangondikoka. Ngati simukufuna, ndibwerera."

Ndisanayankhe, Olive anawalowetsa m'nyumba. Anatembenuka, anandiyang'ana, anandilozera pakhonde mwaulemu ndithu, n'kutseka chitseko.

"Zakhala bwino," anatero mmodzi wa amayi aja ali m'kati. "Mwambo wasungika."

Ndinakhala pakhonde ndi lichero la mtedza. Maola atatu. Ndinkamva amayi aja akulankhula, kenako zii, kenako kuseka, kenako nthungululu. Mtedza ndinasenda wonse, wina ndinauphwanya ndi kukwiya. Potuluka, mayi wamkuluyo anandigwira paphewa.

"Muli ndi mwana wanzeru, amake Olive. Mafunso amene watifunsa, atsikana akumva satifunsa."

Mafunso amenewo mpaka lero sindiwadziwa. Madamu ananditsanzika, ine ndinawayankha ndikumwetulira, ndinawapatsanso mtedza wa m'mbale kuti akakazinge. Tsiku limenelo ndi limene ndinatsimikiza kuti mtsikana ameneyu achoka.

5

Amene munali kumudzi zaka zimenezo mukukumbuka mmene Sepitembala ankakhalira. Inali nthawi yolemba mayina a makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo munthu ukangotulutsa pepala ndi cholembera, anthu ankakuzungulira ngati wagwetsa shuga. Aliyense ankaopa kutsala. Chala chachikulu cha munthu wa kumudzi chinkakhala chokonzeka nthawi zonse.

Kalata ndinailembera m'chigafa, masana, fodya atapita kale kumsika. Ndinalemba kwa a PEA, mkulu woyendera masukulu a dera lathu. Ndinati ife makolo tatopa ndi khalidwe la mphunzitsi wa ana olumala, amene akudzitsekera m'kalasi ndi mwamuna wa mwini, ndipo tikupempha kuti achoke asanawononge atsikana athu. Dzina langa sindinalembepo.

M'mawa mwake titatha kugawa phala, ndinatulutsa pepala lina loyera.

"Amayi, ndamva kuti chaka chino makuponi achepa. Ndaganiza kuti titumize mayina athu ngati gulu, kuti ife ogwira ntchito yaulere pasukulu asatiiwale."

Mapoto anasiyidwa osatsuka. Ndinathyola bolopeni n'kufinyira inki pachivundikiro cha botolo. Ndinkalemba dzina, mwini wake n'kudinda. Odziwa kuwerenga analipo atatu kapena anayi, koma papepalapo panalibe choti awerenge, mayina okhaokha. Feggie anadinda mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

"Kachala kanga aka," anatero akukapsompsona, "kandibweretsere matumba awiri."

Zala zinakwana makumi awiri ndi zitatu. Kunyumba ndinalumikiza pepalalo kumbuyo kwa kalata ija ndi singano ndi ulusi. Lachisanu ndinakwera njinga, n'kukaponya envelopu pansi pa chitseko cha ofesi.

6

A PEA anabwera pa njinga yamoto patatha sabata ziwiri. Tinasonkhana m'kalasi ya Sitandade 8: ahedi, akomiti ya sukulu pamadesiki, ife amayi pansi. Madamu Vera anakhala pampando kutsogolo, a Sankhani pafupi ndi chitseko, chipewa chili pabondo.

Kalata itawerengedwa, a PEA anayamba kutchula mayina. Ndinaona amayi akuyang'anizana, wina akubisa chala m'chitenje ngati inki ikadalipo. Anazindikira pomwepo kumene zala zawo zinapita. Koma ndani akanaimirira pamaso pa bwana n'kunena kuti anadinda osadziwa chifukwa cha feteleza? Ndiponso ambiri nkhaniyo ankaikhulupirira kale. Feggie yekha ndiye anandiyang'ana, nthawi yaitali.

"Amayi," a PEA anandifunsa, "inu monga mwini banja mukutipo chiyani?"

"Bwana, ine ndangomva kwa anthu," ndinayankha nditaweramitsa mutu. "Sindikufuna kunamizira munthu."

Madamu Vera anaimirira.

"Bwana, maphunziro amenewa ndi a makolo onse. Ena anasiya chifukwa cha fodya, ndipo ndakhala ndikuwaitana. Ine ndi bambo awa sitinakhalepo awiriwiri. Olive amakhala nafe kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Ndiye nkhani yaphweka," anatero a PEA. "Timufunse mwanayo. Atimasulire ndani?"

Madamu sakanatha, anali woimbidwa mlandu. A Sankhani chimodzimodzi. Wapampando wa komiti anandiloza.

"Amake alipo apa. Amamumva kuyambira ali khanda. Ndipo mayi sangamunamizire mwana wake."

Anamuitana Olive. Analowa ndi yunifolomu yake, akuyang'ana nkhope za anthu mmodzimmodzi. Ataona kuti womufunsa ndine, anamasuka. Ndinaika chala pansi pa mphuno, ndinaloza Madamu, ndinaloza chipinda chija, kenako ndinaloza iye.

Olive anatukula zala zitatu kuti aliyense aone. Kenako anachita zina ndi manja, mosafulumira, akundiyang'ana ine ndekha.

"Akuti chiyani?" anafunsa a PEA.

Funso langa lija, limene ndinali ndisanalimve chaka chathunthu.

"Akuti amayamba ali atatu," ndinatero. "Kenako amamutuma kukatunga madzi kumjigo, ndipo akabwerako amapeza chitseko chili chokhoma."

M'kalasimo munamveka phokoso. A Sankhani anadzuka, chipewa chinagwa.

"Bodza! Mwana sananene zimenezo! Amake Olive, opani Mulungu!"

"Khalani pansi bambo, mwagwidwa," anatero wina wa komiti, anthu n'kuseka.

Ndinayang'ana Madamu Vera, ndikudikira kuti nawonso akuwe. Anatsegula pakamwa. Kenako anayang'ana Olive, amene anali kundimwetulira, wonyada kuti wayankha bwino ndipo amake amumva. Madamu anatseka pakamwa paja. Kenako ananena motsitsa, misozi ikutsika:

"Bwana, musavutike ndi kufufuza. Ndikupempha kuti mundisamutse."

7

Tsopano ndikuuzeni za pazenera paja.

Nditaponda pamwala tsiku lija la Malichi, ndinaona anthu atatu atakhala mozungulira desiki. A Sankhani ankayesa kupinda zala zawo za chinangwa zija, zikukana. Olive anawagwira dzanja, akuwongola chala chimodzichimodzi, ndipo atalakwitsanso anagwa chagada ndi kuseka. Ankaseka mokweza, mawu ake aja osasalala amene kunyumba sankawatulutsa. Madamu anasendera chapatali, akungowaonerera. Kenako a Sankhani anakhoza. Ananena kanthu ndi manja, Olive anawayankha, iwo n'kuyankhanso. Bambo ndi mwana wake anali kucheza, nkhani yaitali, ine osatolapo ngakhale liwu limodzi.

Panalibe chibwenzi. Ndinadziwa tsiku lomwelo, ndinkadziwa polemba kalata, ndinkadziwa pofinya inki. Akanakhala kuti anali kugwirana, mwina ndikanapsa mtima sabata imodzi n'kukaitana ankhoswe. Chimene chinandiliza n'chakuti mwana wanga anali ndi anthu ena, ndipo anali wosangalala kuposa mmene ndinamuonerapo ali ndi ine.

Ndipo pamsonkhano paja, Olive anasiya dala chinenero cha kusukulu n'kugwiritsa ntchito zizindikiro zathu zakale, kuti ndisaphonye kanthu. Anati atatu, masiku onse, mpaka kuweruka. Anati bambo amalakwitsa, timaseka. Kenako anagwira mfundo ya chitenje pachifuwa, kutanthauza ine, n'kutukula chala chachinayi pambali pa zitatu zija. Ankaganiza kuti msonkhano wonsewo ndi woti andinyengerere kuti nanenso ndizibwera.

Pobwerera kunyumba iye anatsogola ndi bambo ake, ine m'mbuyo. Ndinaona akuwafunsa chifukwa chimene Madamu ankalirira. A Sankhani anaima pansi pa mtengo wa mango, anaika chipewa m'khwapa, n'kumuuza. Manja awo sanalakwitse tsiku limenelo.

Nditafika pakhomo ndinamupeza atakhala pamtondo. Ndinamugwira paphewa. Anatembenuka, anandiyang'ana bwinobwino, kenako anatsinzina. Ndinamugwedeza, ndinagwira mfundo ya chitenje changa, ndinamugwira kumaso, koma iye anangokhala chitsinzinire. Mwana wakumva akakukwiyira n'kutseka makutu, mawu ako amalowabe. Olive akatsinzina ndiye kuti iwe kulibe.

8

Madamu Vera anachoka mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, ife tili kalikiliki ndi nazale. Sanabwere wina. Aphunzitsi otere ndi ochepa, ndipo mbiri ya mudzi wolemba makalata imayenda. Chipinda chimene ndinapondera dothi lero timasungiramo ufa wa phala. Olive analekezera Sitandade 4. Mwai, mwana wa Feggie, anasiya chaka chomwecho, ndipo Feggie sanapondenso pakhomo panga. Amayi ena aja anasankha kunena kuti ndinachita zanzeru, poti kutero kunkawachotsera manyazi a zala zawo.

A Sankhani kumpingo anawaletsa mgonero chaka chathunthu. Sanandimenye, sanandisiye. Anangonena kamodzi, tikuwokera fodya:

"Za ulemu wanga ndilibe nazo kanthu, amake Olive. Koma malungo anamulanda makutu, inu mwamulanda pakamwa."

Chimene ndinkafuna ndinachipeza. Olive anabwerera ku zizindikiro zathu makumi anayi. Mchere, madzi, moto, mvula. Amandipatsa zimenezo basi, zinthu zofunika pakhomo, monga mmene umalankhulira ndi munthu wogwira naye ganyu. Nkhani zenizeni amacheza ndi bambo ake m'chigafa, ndipo ine ndikayandikira manja awo amagwa pansi.

Anakwatiwa chaka chatha ndi Davison, kalipentala wa mudzi woyandikana nafe, amene anaphunzira manja kwa apongozi ake asanapereke n'chikole chomwe. Mu Meyi chaka chino matenda a uchembere anamuyamba m'mawa, ndipo ndinamuperekeza kuchipatala monga mayi aliyense, Davison akudikira panja. Namwino ataona kuti sakumva, anafunsa:

"Womulankhulira ndani?"

Ndinasendera kutsogolo. Mtima unadumpha, ndisaname, unadumpha ndi chimwemwe chakale chija.

Olive, thukuta lili kamukamu, anatsegula buku lake la sikelo n'kutulutsa kapepala kopindidwa, kakuda m'mphepete, kooneka kuti kakhala m'menemo miyezi yambiri. Anakapereka kwa namwino. Panali mawu awiri, olembedwa ndi zilembo zazikulu zimene Madamu Vera anamuphunzitsa: AMAYI AYI.

Namwino anandiyang'ana, anayang'ananso kapepalako, n'kutuma munthu kukaitana Davison. Ine ndinakakhala pabenchi panja, ndi beseni ndi zitenje pamiyendo.

9

Inu owerenga, nsanje ya pa mwamuna anthu amaimvetsa. Amakuperekeza nayo, amakuwombera m'manja. Nsanje ya pa mwana wako yemwe, yomuchitira chifukwa wapeza wina womumva, palibe amene angakuyamikire nayo, n'chifukwa chake ine ndinaiveka chitenje cha inzake. Ndinkadzitcha mayi womenyera mwana wake nkhondo, ndipo ndinaliditu wotero, malinga ngati nkhondoyo inkadzera mwa ine.

Makolo anzanga amene muli ndi ana ngati Olive, mphunzitsi akakuitanani Lachitatu, pitani. Kakhaleni pabenchi, mwana wanu akusekeni. Ine ndinaumba njerwa zikwizikwi koma ndinalephera kukhala pansi ola limodzi. Ndipo ngati mwana wanu ayamba kuuza ena zimene sanakuuzeni, zidzakupwetekani, musaganize kuti sizidzatero. Mukalire kudambo, mukapukute misozi, koma pepala musaligwire.

Madamu Vera, sindikudziwa kumene muli, kaya magazini ano amafikako. Tsiku lija munali ndi mpata wondiyalutsa, munaona mwana wanga akumwetulira ndipo munandisiya. Zala makumi awiri ndi zitatu zija sizinakukaneni, zinkafuna feteleza. Amayi a kwa Lukwa, a Sankhani sanakhalepo ndi chibwenzi, ndipo musatumizenso ana anu kwa ine kudzafunsa nzeru.

Kope lija la a Sankhani likadalipo, amalisomeka kudenga la chigafa. Muli manja amene ankajambula okha, opindikapindika, masamba ake akuda ndi utomoni. Iwo akapita kumunda ndimalitsitsa. Ndayamba mochedwa ndipo zala zauma, koma zizindikiro ndadziwa zopitirira zana. Cha pepani ndinachiphunzira choyamba, ndimachibwereza tsiku lililonse ndikamapeta.

Dzulo ndinapita kukaona mdzukulu wanga. Olive anandipatsa mwanayo kuti ndimunyamule, anandipatsanso mpando ndi madzi akumwa. Nditamubwezera khandalo, ndinapukuta manja pachitenje n'kuwatukula kuti ndiyambe. Anawayang'ana, anazindikira kuti chizindikirocho si cha makumi anayi aja, ndipo anatsinzina.

Loweruka ndipitanso.